Mmene Tambala Wathu Anasandukira Gilibati

Mpaka lero ndikalowa m'tchalitchi kwathu ku South Bend kuno, pamapezeka wina wondifunsa kuti Gilibati wadzuka bwanji. Amafunsa nkhope ili gwa, ngati akufunsa za wodwala, kenako n'kutembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Ndatopa kufotokozera munthu mmodzimmodzi, choncho ndati ndingoilemba nkhaniyi kuti aliyense aseke kamodzi, zithe.

Zinayamba ndi galimoto. Kufupi ndi kwathu kuno kuli tauni ya Elkhart, kumene amapanga magalimoto a nyumba aja amati RV, okhala ndi bedi, khitchini ndi bafa momwemo. Ukamakhala dera lino umawaona akudutsa tsiku ndi tsiku, mpaka mtima umayamba kukunamiza kuti nawenso ndiwe munthu wa maholide. Ineyo, wogwira mashifiti kunyumba yosamalira okalamba, munthu woti tchuthi changa chimathera pa sofa, ndinakagula yakale kwa mkulu wina amene anali atasiya kuyendetsa. Mayi a kunyumba ataiona ikukhotera pakhomo anangoti, "Ndiye mwagula basi? Kondakitala ndikhala ine?" Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linakhala Chibasi.

Chibasicho chili ndi mabuti m'mbali, m'munsimu, ngati a mabasi opita ku Joni. Buti yakumbuyo kudzanja lamanja inali ndi vuto lakuti chitseko chake sichinkatseka. Loko inali itadyeka, ndiye ukangogunda kabampu chitsekocho chinkati yasa, n'kumakupiza ngati phiko. Ndinachimanga ndi mphira ya chubu cha njinga monga timachitira kwathu, ndipo kunena zoona mphirayo sinandikhumudwitsepo ngakhale tsiku limodzi.

Kenako Madalitso anapeza mbeta. Madalitso ndi mwana wa malemu mlongo wanga, ndipo anabwera kuno kudzaphunzira ali kamnyamata konyowa m'mphuno. Malume ake aakulu, achimwene anga, ali kumudzi ndipo za viza sizinatheke, choncho unkhoswe wonse unagwera ine. Ndinaopa, koma ndinanyadanso. Tsiku loika maliro a mayi ake sindinalipo, ndinangoonera pa foni, ndipo chinthuchi chimandiwawa mpaka pano. Ndinadziuza kuti chinkhoswe cha mwana ameneyu ndichiyendetsa mwakuti palibe adzanene kuti analibe malume.

Mtsikanayo kwawo ndi ku Indianapolis, ndipo nkhoswe yake inali a Kapito, bambo achikulire ogwira ntchito m'chipatala china kumeneko. A Kapito mwambo amaudziwa, ndipo amafuna aliyense adziwe kuti amaudziwa. Dzina langa sankaligwira, pa foni ankangoti "a ujeni". Tikukambirana za tsikulo anandiuza mosapsatira kuti anthu a ku South Bend akutidziwa, timabwera ku chinkhoswe ndi nkhuku yootcha ya m'sitolo ili m'kapulasitiki kake, mtengo osamatula n'komwe. Iwo zimenezo ayi. Amafuna tambala wamoyo, wolira, ndipo iwonso adzabweretsa msoti wamoyo kuti tidzasinthane pamaso pa anthu. Akapanda kuona tambala, ndiye kuti akuchimuna sanafike.

Ndinayankha mokweza kuposa mmene zinkafunikira kuti tambala adzamuona, ndipo adzamuopa.

Lachisanu m'mawa ndinapita pa galimoto yaing'ono kwa alimi aja oyenda pa ngolo za akavalo kufupi ndi Nappanee, n'kugula tambala wofiira, wa lipombo lalikulu, woyang'ana munthu ngati anamulakwira. Ndinamumanga miyendo ndi kansalu n'kumuika mu garaja. Mayi a kunyumba ananeneratu kuti m'kati mwa Chibasi sakwera, chifukwa muli zovala zawo za chinkhoswe ndi mabeseni a mandasi. Malo ake anali m'buti, ndipo buti yokhayo yopanda katundu inali ya mphira ija.

Apa m'pamene mdierekezi anandinong'oneza. Ndinaganiza za a Kapito ataima panja pa holo, ine n'kumamasula mphira ya njinga kuti nditulutse tambala. Ndinachita manyazi zisanachitike n'komwe. Masana omwewo ndinathamangira ku Elkhart, kushopu ya zotsala za ma RV, n'kugula loko yatsopano, ija yongomenyetsa chitseko n'kudzitsekera yokha. Ndinaonera kanema wa kamangidwe kake pa foni mpaka pakati (mzunguyo ankalankhula kwambiri, ine ndinali nditamva kale). Mabowo a masikuluwu anali atakula, ndiye ndinakhoma maliveti, timisomali tija tosazuka, ndipo kuti mtima ukhale m'malo ndinathiranso guluu wamphamvu uja wosakaniza. Mahinji nawo ndinawachita chimodzimodzi ngakhale sanadandaule. Pomaliza ndinaboola timabowo ta mpweya pachitseko, chifukwa ndine munthu wachifundo.

Nditamaliza, pansi panatsala kachitsulo kamodzi kopindika ngati ndowe. Sindinadabwe. Chiyambireni, chilichonse chimene ndakonzapo pamatsala kachitsulo, ndipo ndinali nditazolowera kuganiza kuti mafakitale amangoika tochuluka. Ndinakaponya m'bokosi la zipangizo, chitseko n'kuchisiya chotsegula kuti guluu aume.

Loweruka m'mawa ndinavala suti, ndinayala makatoni m'buti, ndinagoneka tambala, n'kumenyetsa chitseko. Chinati kha! Kamawu kokoma, kolemera, ngati ka galimoto ya nduna. Ndinaima pang'ono kudzisirira. Zoti chitseko chili ndi ntchito ziwiri, kutseka ndi kutseguka, sizinandifike m'mutu.

Tinalowa msewu wa 31 kulowera kumwera, chimanga uku ndi uku, dzuwa la Ogasiti likuwotcha ngati la ku Nsanje. Madalitso anali atatsogola dzulo lake ndi anzake, ndiye tinalipo awiri, ine ndi mayi. Ndinkayang'ana pagalasi la m'mbali pafupipafupi, chitseko chili phee, ndipo bampu iliyonse ndinkawauza mayi kuti aone ntchito ya manja anga. Titadutsa Kokomo iwo anati tiime tim'patse madzi mlendo wathu. Ndinakhotera pa filing'i siteshoni, ndinatsika ndi kambale ka madzi, n'kugwira chogwirira cha buti. Chinazungulira. Ndinapotozanso, chinazunguliranso, mopepuka, mosangalala, osakoka kanthu m'katimo.

Ndinalowetsa kiyi, ndinam'tembenuza mbali zonse. Ndinayesa sikuludiraiva, inapindika. Ndinayesa mpeni wa buledi, ndinayesa kumenya ndi chikhatho, kenako ndi nsapato ya chinkhoswe. Bambo wina amene ankathira mafuta pafupi anabwera kudzandiuza kuti mlamu wake anali ndi RV ngati yomweyi ndipo anaigulitsa, n'kubwerera ku galimoto yake. Guluu uja, amene kunyumba sagwira ngakhale chogwirira cha kapu, tsiku limenelo anagwira ntchito ngati akufuna kukwezedwa.

Foni inalira, a Kapito. Anati, "A ujeni, mwafika pati? Anthu ayamba kudzaza kuno. Tambala alipo?"

"Alipo, bambo," ndinatero. "Akupuma."

M'butimo poyamba munkamveka kukupiza ndi kudandaula, koma tsopano munayamba kukhala bata. Ndinagwira chitseko, chinali chotentha ngati chiwaya. Apa ndiye mantha anandigwira enieni, thukuta lili kamukamu m'suti. Mayi anati tisavutike, tingopitirira, tikadutse ku Lafayette Road ku Indianapolis komweko, kumashopu a anthu akuda anzathu tikagule nkhuku yolimba ija ya mufiriji, a Kapito akalankhule atope. Ndinakana. Ndinaona Madalitso ataweramitsa mutu pamaso pa apongozi ake, malume ake atanyamula nkhuku youma ngati mwala, ndipo ndinati bola ndigwetse Chibasi chonse.

Pamenepo ndinakumbukira kuti inshuwalansi yanga ili ndi aja othandiza galimoto ikafera pamsewu. Ndinaimba, ndinamvera nyimbo zawo mpaka ndinaziloweza, kenako anayankha mayi wa mawu aulemu. Anandifunsa ngati ndili pamalo otetezeka, ndinati inde. Ngati injini ikulira, inde. Matayala, ali bwino. Makiyi, ali m'manja. Ndiye anandiuza mokoma mtima kuti chitseko cha buti si ngozi ya pamsewu, galimoto ikuyenda, koma akhoza kundibukira malo ku garaja sabata yamawa. Ndinachonderera, iye n'kumangobwereza mawu omwewo mokoma mtima kuposa poyamba.

Tambala, amene ndinkaganiza kuti watsala madzi amodzi, anasonkhanitsa mphamvu zake zonse n'kulira. Kulira kosasa, kokhota kumapeto, koma kunamveka.

Mayi wa pafoni anafunsa ngati m'butimo muli chamoyo. Ndinati inde. Anafunsa ngati chili chiweto cha pafamu, kapena peti, nyama ija ya m'nyumba imene kuno amaiona ngati mwana. Anafotokoza kuti ziweto amaziwerengera ngati katundu, koma ngati ndi peti yotsekeredwa m'galimoto kukutentha chonchi, atumiza munthu pompano.

Foni inali pa sipika. Mayi a kunyumba anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'onopang'ono, monga amachitira ndikafuna kukweza dzanja pa msonkhano wa mpingo. Ine ndinayang'ana kumbali n'kunena kuti ndi peti.

Dzina lake ndani?

Ndinayang'ana chimanga, ndinayang'ana mapampu a mafuta, ndipo pakamwa panga panatuluka "Gilibati". (Musandifunse. Sindidziwa Gilibati aliyense, kwathu kulibe, kusukulu kunalibe.)

Mawu a mayi wa pafoni uja anasinthiratu. Anati thandizo lanyamuka, koma pakali pano ndizimulankhula Gilibati kuti asachite mantha, amve mawu amene anawazolowera, ndipo iye sadula foni mpaka atsimikize kuti tonse awiri tili bwino. Ndiye ndinagwada pa simenti, m'suti, pakamwa nditagunditsa patimabowo tija, n'kuyamba kulankhula ndi nkhuku m'Chichewa. Ndinati, "Iwe, usandifere pano. Limba mtima. Ukafere ku holo ya chinkhoswe ku Lawrence, kumeneko ndiye kuli ntchito yako." Mayi wa pafoni anati sakumva mawuwo koma chikondi akuchimva, ndipo chinenero chathu n'chokoma kwambiri. Mayi a kunyumba analowa m'Chibasi n'kutseka chitseko, koma Chibasi chonse chinkagwedezeka.

Posakhalitsa inafika galimoto yokoka zinzake, magetsi akuthwanima. Munatsika chimunthu cha ndevu zofika pachifuwa, mikono yolembalemba, dzina lake Dale. Sanandipatse moni n'komwe. Anathamangira pabuti, anagwada pamene ndinagwada ine, n'kuyamba kuitana Gilibati ndi kamawu kakang'ono koti sungakhulupirire kuti kakuchokera m'ndevu zimenezo. Kenako anandiuza kuti atamva pa wailesi yawo kuti ndi tambala, anailanda ntchitoyi kwa mnzake, chifukwa iyenso ali ndi nkhuku kwawo. Anandionetsa zithunzi pa foni. Iliyonse inali ndi dzina, ndipo ina inali itavala juzi.

Anayesa chogwirira, chinamuzungulira ngati mmene chinandizungulirira ine, ndipo ndinamva kukoma pang'ono. Anayesa timawaya take, anayesa dirilo, inaterereka pa guluu n'kukanda penti. Anapita kumahinji, anapeza maliveti okutidwa ndi guluu yemweyo. Anapukuta thukuta n'kufunsa kuti ndani anachita nkhanza zoterezi pachitseko. Ndinati mwina mkulu amene anandigulitsa. Mayi a kunyumba, amene anali atatulukanso, anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kulapa.

Pomaliza Dale anakatenga chitsulo chachitali chokanulira n'kundiuza kuti ndisankhe, chitseko kapena Gilibati. Ndikuvomera kuti ndinachedwa pang'ono kuyankha, pokumbukira kamawu kaja ka kha, ndipo iye anandiyang'ana moti ndinafulumira kunena kuti Gilibati. Anakanula kamodzi, kawiri, chitseko chinapindika ngati chivundikiro cha chitini cha nsomba n'kugwera pansi pamodzi ndi loko yanga yatsopano, ikadali yotseka.

Tambala anali gone cham'mbali, kukamwa kuli yasa, koma diso lili tcheru. Dale anamunyamula ngati khanda, n'kuona kansalu kaja kumiyendo. Anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani peti yamangidwa. Ndinati ndi lamba wake wa pa ulendo, amachita chizungulire akaimirira galimoto ikuyenda. Dale anagwedeza mutu momvetsa, anamumasula, n'kumamumwetsa madzi ndi kachitsekerero ka botolo mpaka anadzuka n'kumujompha chala. Dale anasangalala kwambiri ndi kujomphako.

Ine ndinaganiza kuti zatha, ndisaine, tithokozane, aliyense azipita. Koma Dale anati Gilibati sangabwerere m'buti yopanda chitseko, ndiponso akufunika mphepo yozizira, ndipo ya m'Chibasi inafa kalekale. Anati shifiti yake ikuthera pomwepo, kwawo ndi kufupi ndi Indianapolis komweko, ndiye ine ndi Gilibati tikwere yake, mayi azititsatira pambuyo. Nthawi inali itatha, a Kapito anali ataimbanso, ndinalibe pothawira. Mayi anakwera pampando wa dalaivala, anangokonza galasi n'kuliza hutala.

Ulendo umenewo ndinanama kuposa zaka zanga zonse zapitazo kuphatikiza pamodzi. Dale ankafuna kudziwa zonse. Gilibati amagona kuti? Ndinati kumiyendo kwa bedi. Amakonda chiyani? Ndinati chimanga chokazinga ndi wailesi. Wailesi yanji? Ndinati nkhani za nyengo. Dale anatsegula nkhani za nyengo, ndipo tambala, amene anali ndi zifukwa zake, anakhala phee pamiyendo panga ngati akumvetseradi. Titayandikira mzinda anandisiyira chizindikiro chachikulu chotentha pa thalauza la suti. Dale anati chimenecho n'chisonyezo chakuti m'mimba mwayamba kuyenda bwino.

Holo inali ku Lawrence, m'mphepete mwa Indianapolis. Amayi anali panja akuimba, ndipo a Kapito anali pakhomo, manja kumbuyo, akuyang'ana wotchi. Dale, pofuna kuti anthu apatuke, anayatsa magetsi aja. Nyimbo inaduka. Anthu anaona galimoto yokoka zinzake ikuima pakhomo penipeni popanda chokoka, n'kutsika malume a mkwati atakumbatira tambala, kumbuyo kwawo chimzungu chandevu chitanyamula kakapu ka madzi, ndipo patali Chibasi chikubwera ndi chibowo m'nthiti. Madalitso anathamanga kudzandichingamira.

"Ankolo, mwachita ngozi?"

"Palibe ngozi," ndinatero. "Tambala wa mwambo sabwera wamba."

Ndinatembenuka msanga kuti nditsanzikane ndi Dale. Ndinamugwira chanza, ndinamuthokoza, ndinamukankhira pang'ono chakugalimoto yake. Koma mayi a kunyumba anali atapakinga kale. Anafika akumwetulira, n'kunena m'Chichewa kuti aliyense amve, "Abambo inu, munthu wakupulumutsirani mwana, mukum'bweza ndi njala? Kwanu amatero?" Amayi onse anavomereza kuti n'zosatheka, anamugwira Dale mikono yonse iwiri, n'kukamukhazika kutsogolo, pafupi ndi tebulo la ankhoswe. Anam'patsa mbale yodzaza, ndipo ndinaona ndi maso anga akudya ntchafu ya nkhuku bwinobwino. (Zikuoneka kuti yopanda dzina alibe nayo vuto.)

Mwambo unayenda. Anabweretsa atsikana ofunditsidwa zitenje, tinakana oyamba, tinavomera weniweni, ana anapatsana khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko. Kenako inafika nthawi ya nkhuku. Ndinaimirira, jekete nditalikokera pansi kuti libise thalauza, ndinagwada pang'ono n'kupereka tambala ndi manja awiri. A Kapito anamulandira, anamukweza m'mwamba kumuyesa kulemera, anamupapasa chidale, anamuyang'ana lipombo. Kenako anati, "Uyu ndiye tambala. Akuchimuna afika."

Nthungululu inaphulika. Ndinayang'ana Madalitso, anali akuseka ndi mano onse ngati mmene ankasekera mayi ake, ndipo misozi inandilengeza. Ndinalandira msoti wa a Kapito osauona bwino. Mumtima ndinati mlongo wanga, mwana wako ndamuimira.

Chisangalalo changa chinatha pamene a Kapito anakodola mayi wina n'kum'patsa tambala, akuloza ndi mutu chakuseri kwa khitchini. Mayiyo anamugwira mapiko mmene timagwirira ya ndiwo. Dale anaika foloko pansi, anaimirira, n'kundifunsa kuti Gilibati akupita kuti.

Ndinamuuza kuti ndi mwambo wa kwathu. Mabanja awiri akamalumikizana, umapereka chinthu chimene umachikonda koposa kuti chikakhale kwa anzakowo. (Bodza limeneli ndimanyadira nalo pang'ono, chifukwa linatsala pang'ono kukhala zoona.) Dale anagwira pachifuwa, maso atafiira. Anapita kwa mayi uja, anatenga tambala mwaulemu, n'kukaima naye pamaso pa a Kapito. Maikolofoni inali ikadali yoyatsa. Holo yonse inamva kuti Gilibati amagona kumiyendo kwa bedi, amakonda chimanga chokazinga, ndipo asaiwale kum'tsegulira nkhani za nyengo. Inamvanso Dale akupempha adiresi, chifukwa amakhala pafupi ndipo azibwera Loweruka lililonse kudzamuona ndi kathumba ka chakudya.

A Kapito Chingerezi amachimva kuposa ine. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Ndinadziwa kuti mawu amodzi okha ndatha, pamaso pa South Bend ndi Indianapolis yense. Koma anatembenukiranso kwa Dale, n'kumuuza mwaulemu wonse kuti Gilibati ali m'manja abwino. Atatero anandigwira mkono n'kunditulutsa panja, kuseri kwa Chibasi.

"Asewere," anatero, "mwandiika m'mavuto otani?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa mphira. Anamvetsera akuyang'ana chibowo cha buti, ndevu zikunjenjemera, koma sanalole kuseka.

"Tamverani," anatero. "Ine ndimakhala nyumba ya m'mwamba, pansi pali azungu, m'mbali muli azungu. Tambala sindingasunge. Kumudya sindingathenso, nkhuku yoti ili ndi dzina, ili ndi abwenzi oiyendera. Ndiye tichite chonchi. Tambala ndalandira, mwambo watha, ndi wanga. Koma mundisungire, monga timasungitsirana ziweto kumudzi. Mwamva, asewere?"

Munthu wanzeru akanakana, kapena akanapempha kuti akafunse kaye kunyumba. Ine ndinangomva kuti munthu amene miyezi yonseyi sankadziwa dzina langa wanditcha sewere kawiri, ndipo ndinavomera ndi manja awiri. Titalowa, a Kapito anamuuza Dale kuti akuluakulu takambirana, taona kuti si bwino kulekanitsa Gilibati ndi msoti amene wangokumana nayeyu, ndiye onse apita ku South Bend kukayamba banja. Dale anawomba m'manja, holo yonse inam'thandiza, ena atagwira m'mimba.

Tinabwerera tili anayi, nkhuku ziwiri zili m'bafa la Chibasi. Kunyumba ndinakhoma waya pa chibowo cha buti kuti masana zizipuma mphepo, ndipo madzulo ndimazilowetsa m'kati kuti aneba asamve kulira kwa m'mawa. Kachitsulo kopindika kaja ndinakapeza m'bokosi. Ndinamaliza kanema uja, ndipo mzunguyo amati kameneko ndi kolumikiza chogwirira ndi loko, ukaiwala zonse usaiwale kameneko.

A Kapito amaimba mwezi uliwonse kufunsa za chiweto chawo. Msoti utaswa, anaimba tsiku lomwelo kunena kuti anapiye ndi awo, popeza tambala ndi wawo. Ndikanangoti zikomo, bwerani mudzatenge. Koma mtima wa mkangano unandigwira, ndipo ndinawafunsa kuti kwathu kwa Achewa, ana amakhala a kuchimuna kuyambira liti? Ana ndi a kwa mayi, ndipo mayi wa anapiyewa anandipatsa okha pamaso pa anthu. Iwo anati, "Asewere, pamenepo mwandigwira. Mwambo mumaudziwa. Onse ndi anu." Ndinadula foni ndikuvina, ndipo mpaka nditawauza mayi a kunyumba n'kuona nkhope yawo m'pamene ndinazindikira kuti mkuluyo anavomera msanga kwambiri.

Sabata yotsatira Dale anabwera kudzaona anapiye, anakhala pansi m'Chibasi, n'kuwatcha mayina onse, mmodzimmodzi. Panopa akula, ena ayamba kuikira, ndipo ali ndi zithunzi zawo pa foni ya Dale. Nkhuku ndili nazo zodzaza RV, zonse zanga mwa mwambo, koma ya ndiwo timakagulabe kusitolo.